Galimoto ya Bambo Nkutali

Ine za magalimoto sindidziwa. Yangayi ndimangodziwa kuti ndi yofiira, imamwa petulo, ndipo kukazizira imatsokomola kaye isanavomere. Ndiye mukandifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ndichoke ku Edmonton m'mamawa mpaka kumidzi ya ku Yorkshire kukaona galimoto ya eni ake, yomwe sindikanaigula ngakhale nditagwira ntchito zaka zana, yankho lake ndi apongozi anga aamuna.

Apongozi angawo, a Phiri, anabwera kuchokera ku Zimbabwe kudzacheza nafe miyezi isanu ndi umodzi. Anabadwira papulazi ya fodya kufupi ndi Chinhoyi, koma Chichewa chawo ndi cha ku Dedza, chothira Chishona apa ndi apo. Bambo awo, a Yotamu, anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, nakakhala dalaivala wa mzungu wa papulazipo. Anamwalira a Phiri ali ndi zaka khumi. Chithunzi chawo palibe. Manda awo anali kuseri kwa komboni, koma pulaziyo itasintha manja eni atsopano analimapo chimanga, moti lero a Phiri sangaloze n'komwe kuti bambo anga agona apa.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kuli nkhalamba ina, a Dennis, yomwe imalandira magazini a magalimoto akale mwezi ndi mwezi. Ndinapempha angapo kuti apongozi aziona zithunzi masana, poti amatsala okha pakhomo ndipo wailesi yakanema ya kuno ankati imalankhula ngati ikuthamangitsidwa. Maso awo ali ndi ng'ala, ndiye ankaona ndi galasi lokuza zilembo.

Tsiku lina pobwera kuntchito ndinawapeza ataima pakhomo penipeni, magazini ili m'manja.

"Make Chisomo, tandiwerengereni apa."

Pachithunzipo panali galimoto yaitali, yofiirira, ya matayala a m'mbali moyera. Pansi pake analemba kuti inapangidwa ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndipo inali ya anthu olemera okhaokha. Anati inapezeka itagona m'shedi papulazi ina ya fodya ku Zimbabwe, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo mkulu wina wa ku Yorkshire anatha zaka zisanu ndi ziwiri akuikonza.

"Ndi mota ya baba imeneyi," anatero.

"Bambo, si paja munkati ija inali yobiriwira?"

"Penti ndi malaya chabe. Onani mphuno yakeyo."

Ndinaimba foni kwa olemba magazini, iwo anandilumikiza kwa mwini galimotoyo, a Geoffrey. Anali munthu wa mawu ofatsa. Anati tachita mwayi pang'ono, chifukwa galimotoyo anali ataigulitsa kale kwa wina wa kutsidya la nyanja, ndipo lole inali kudzaitenga Lolemba. Tikafuna kuiona tifike Loweruka isanakwane faifi koloko, chifukwa ikakwana aikuta ndi nsalu n'kuimanga. Ndisanadule foni ndinafunsa ngati akudziwa chilichonse za amene ankaiyendetsa kupulaziko.

"Kwambiri," anayankha mokondwa. "Ngakhale dzina lake tili nalo. Anali Mista Enkyutali."

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza, ndipo silinamveke ngati Phiri kapena Yotamu ngakhale pang'ono. Ndinauza amuna anga, a Lameki, tili kukhitchini chitseko chili chotseka.

"Musawauze," anatero. "Mukawauza inu sadzakhulupirira. Adzapita kumanda akunena kuti mtengwa anandikaniza. Akaone okha."

"Ndiye muwaperekeze inu mwana wawo."

"Saturday kuli event ku Wembley, ndili pa gate tsiku lonse. Supervisor sangandimve."

Umu ndi momwe ndinasenzera chinsinsi cha eni ake. Panali patatsala masabata awiri kuti a Phiri abwerere kwawo.

Tinanyamuka cha m'ma seveni. Apongozi anavala suti yawo ya kutchalitchi, nakhala kumpando wa kumbuyo monga mwa masiku onse, chifukwa iwo ndi ine sitikhala moyandikana. Kumpando wa kutsogolo kunakhala Mai Tembo, mnzanga wa ku Zambia, yemwe atamva za ulendowu anapempha kuti tikamutsitse ku Peterborough komwe anapeza ntchito ya masabata atatu. Anati ali ndi kachikwama kamodzi. Ndinapeza zikwama zitatu ndi poto wamagetsi.

Foni inatiuza kuti ulendo wonse ndi maola anayi ndi theka. Foniyo sinadziwe kuti pamsewu waukulu wa M25 lole yonyamula mbatatesi yagona chammbali. Tinaima pamenepo ola lathunthu ndi mphindi zake, mdipiti wa magalimoto mpaka komwe maso amalekeza. Mwamuna wa m'galimoto yoyandikana nafe anatha nyuzipepala yonse. Mai Tembo anatsegula mtedza, kenako anatsegula pakamwa.

"Manje ba tate, nifunseko. Aba bazungu bafuna chani ku vimotoka vakudala? Ise kwathu tithaba vakudala, tifuna vanyowani. Beve bagula chakudala na ndalama maningi, then sibachiyendesa futi. Ni nzelu?"

"Simunaione, mai," anayankha a Phiri. "Ija siinali mota yoti muikwere basi. Ikamabwera kuchokera ku tawuni, simuimva injini ayi. Mumangomva miyala ikulira pansi pa matayala. Akazi m'munda ankaimika makasu."

Anatiuza kuti bambo awo ankavala jekete loyera ndi kapusi. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi nsalu zitatu, ya magalasi, ya thupi ndi ya zonyezimira, ndipo nsaluzo sizinkasakanizidwa. Mzungu ankakhala kumbuyo ndi galu wake. Ana a kukomboni sankaloledwa kuikhudza, ngakhale mwana wa dalaivala. Iwo nkhope yawo anayamba kuiona bwinobwino m'chitsulo cha nyali yake ya kutsogolo, itatambasuka ngati chipande.

Ine ndinangogwira chiwongolero, kuyang'ana kutsogolo. Mawu aliwonse omwe ankalankhula ankandiwonjezera katundu.

Mai Tembo tinamutsitsa ku Peterborough cha m'ma leveni, titazungulira kawiri kufuna nyumba yomwe nambala yake inabisika kuseri kwa bini. Atatsika, m'galimoto munagwa bata lolemera. Mtengwa ndi apongozi ake akatsala awiri, nkhani imasowa poyambira. Yemwe anatipulumutsa ndi mayi wa m'foni uja wolozera njira. A Phiri ankamuyankha ulendo uliwonse akalankhula. Akati tikhotere kumanzere, iwo ankati, "Zikomo, mai." Mayiyo atakhala chete nthawi yaitali pamsewu wa A1, iwo anafunsa ngati wakwiya.

Kufupi ndi Grantham tinaima pamalo opumira apaulendo. Ndinawagulira tiyi ndi sangweji, n'kuwaikira patebulo lawo, ine n'kukakhala patebulo lina chowafulatira. Sindidya apongozi akundiona, ndipo iwonso sangameze ine ndikuwayang'ana kukamwa. Mayi wina wachizungu, wa tsitsi loyera, anationetsetsa kwa kanthawi, kenako anabwera kudzandigwira paphewa. Anandinong'oneza kuti kaya tayambana chiyani ndiwakhululukire, chifukwa nayenso bambo ake anapita asanagwirizane. Ndinayesa kufotokoza kuti umenewu ndi ulemu, koma ndinaona kuti ndikungomusokoneza. Ndinamulonjeza kuti ndiwakhululukira.

Kupitirira Doncaster ankakonza msewu, ndipo tinayenda ngati tikuperekeza ukwati. Nthawi ya nkhomaliro inatipeza tikuwerenga zipewa zofiira zija amandandalika mumsewu akamaukonza. Apa ndinayesa kuwakonzekeretsa.

"Bambo, mukudziwa kuti magalimoto otere analipo angapo? Mapulazi a fodya analinso ambiri."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwina tikapeza kuti si yomweyo."

"Mwina," anatero. "Koma chinthu chomwe baba anachigwira ndi manja awo chatsala n'chimodzi padziko pano. Ngati chili kuno, ndipite osachiona?"

Dzina lija linafika pamilomo, ndinalimezanso.

Titadutsa Ripon tinasiya msewu waukulu. Mayi wa m'foni anatilowetsa m'tinjira topapatiza, mbali zonse mipanda ya zitsamba yodulidwa bwino, nkhosa zikutiyang'ana ngati tabwera kudzafunsira. Cha m'ma hafu pasiti fili, pakona ina, ndinamva phuu, galimoto n'kuyamba kukokera kumanzere. Tayala la kutsogolo linali litaphwa. Foni inalibe netiweki, mayi uja naye anatisiya. Ndinatulutsa jeke ndi sipanala, koma mabawuti anakana. Ndinakwerapo ndi phazi, ndinalumphapo, ndinatchula mayina a anthu omwe sali pano. Palibe bawuti lomwe linasuntha.

Nditatembenuka, apongozi kulibe. Ndinawaona chapatali, suti ili pathupi, akuthyola nthambi za mpanda wa eni ake n'kumaziyala pamsewu, mulu apa, mulu apo, mpaka kuseri kwa kona. Kenako anabwerera kukayala mbali inayo.

"Bambo! Kuno sachita zimenezo!"

"Nanga wobwera kukonako adziwa bwanji kuti pali mota yafa?"

Posakhalitsa kunatulukira thirakitala. Inaima pa mulu woyamba, ndipo munatsika bambo wofiira nkhope, mabuti mpaka m'maondo. Anatola nthambi imodzi, kuiyang'ana, kuyang'ana bowo la mumpanda wake, kenako kuyang'ana ife. Anafunsa kuti ndani wachita zimenezi ndipo chifukwa chiyani. Ndinapepesa ndi Chingerezi changa chonse cha kuntchito. Ndinati kwathu galimoto ikafa pamsewu timayala masamba kuti ena achepetse liwiro.

Bamboyo anatembenuza nthambi ija m'manja. "Komatu ndaimadi," anatero. Anafunsa ngati masambawo amakhala a mtengo wina uliwonse, ndiponso amene amawachotsa pambuyo pake ndani. A Phiri anayankha okha kuti wochotsa ndi mbuzi. Mlimiyo anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga chitsulo chachitali kuthirakitala, ndipo mabawuti omwe anandinyoza ine anamasuka ngati mabatani. Titatchula a Geoffrey, anati aliyense kuderako amawadziwa, ndi aja anakwatira galimoto. Anatilozera njira ndi dzanja, kumanzere pa tchalitchi, kumanja pa mlatho, ndipo anati tithamange.

Tinafika patatsala mphindi khumi kuti faifi ikwane. A Geoffrey anali atatulutsa kale nsalu yokutira. Anali munthu wamtali, wowerama, woyenda ndi ndodo. Anatilowetsa m'galaja momwe munali kapeti pansi, ndiponso motentha kuposa chipinda changa cha ku Edmonton.

Ndivomere, ndinaima kukamwa kuli yasa. Chithunzi chija chinanama. Boneti yokha inali yaitali ngati bedi, ndipo m'mbali mwake munakhala matayala apadera awiri, lililonse m'chikwama chake chachitsulo. Pansi pa zitseko panali masitepe oti munthu apondepo pokwera. Mkati munali zikopa zofewa ndi matabwa osalala, ndipo kumbuyo kunali malo oti munthu atambasule miyendo yonse osakhudza mpando wa dalaivala. Paliponse pomwe ndinayang'ana ndinadziona ndekha, ndi mafuta a tayala pachipumi.

Ndinafunsa funso la Mai Tembo lija, koma mwaulemu. A Geoffrey anati zotere zatsala zowerengeka, ndipo za chiwongolero cha kumanja, zomwe ankapangira maiko a kutali, n'zosowa koposa. Iyi inapulumuka chifukwa kupulaziko kunali kouma, dzimbiri silinaidye. Anati bawuti lililonse analimasula ndi manja awo, ndipo chogwirira chitseko chimodzi anachisaka zaka ziwiri. Ankaigulitsa chifukwa bondo lawo silinkathanso kuponda kilatchi.

"Koma anthu ngati ine sitigula chitsulo," anatero. "Timagula kumene chitsulocho chinayenda."

Nthawi yonseyi a Phiri anali akuizungulira. Galasi lawo lija silinawathandize, ndiye anayamba kuipapasa ndi manja. Ndinaona a Geoffrey akutsinzina ngati apondedwa chala. Anatenga magolovesi oyera kuti awapatse, koma ataona mmene nkhalambayo inkayendetsera zala zake, anawabweza m'thumba. Apongozi anapapasa nyali, anapapasa chitseko, anafuna pomwe panali pophwanyika kumbuyo, pomwe ng'ombe inagunda kalelo, koma panali posalala. Analowetsa mutu mkati n'kununkhiza. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Sindikuidziwa," anatero. "Ija inkanunkha fodya ndi galu. Iyi ikununkha shopu."

Anaoneka aang'ono m'suti yawo ija. Apa sindinathenso kupirira. Ndinagwada pang'ono n'kuwauza zonse, kuti ndinadziwa kuyambira tsiku la foni lija, kuti dalaivala wa galimoto iyi anali munthu wina, dzina lake lachilendo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anangoti, "Chabwino. Tiyeni timve dzinalo, mwina ndi wa pulazi yoyandikana."

A Geoffrey anakondwa kuti tafunsa. Anati m'galimoto yonse muli chinthu chimodzi chokha chomwe sanachikonze. Anatsegula chitseko cha dalaivala, kunyamula khushoni ya mpando, n'kuyatsa tochi. Pansi pake panali thabwa lakale, lakuda ndi mafuta, ndipo wina anazokotapo zilembo ndi msomali. Anati dzina loyamba ndi ili, la bambo ndi ili, ndipo analisindikiza pachikwangwani chomwe ankaika patsogolo pa galimotoyo kuzionetsero zonse.

Ndinawerama n'kuwerenga. Panalembedwa kuti KWATHU NKUTALI.

Chiseko chinandiphulika ndisanachigwire. Zaka zonsezi azungu a zipewa akhala akuima mozungulira galimotoyi, akugwedeza mitu, akulemekeza Bambo Nkutali. Koma chisekocho sichinakhalitse. Ndinaona munthu atakhala yekha m'galimoto ya mzungu, akudikira bwana wake kunja kwa kalabu, msomali uli m'manja.

Ndinawawerengera apongozi. Sanaseke. Anapempha kuti ndiwalozere pomwe pali thabwalo, ndipo anayendetsa chala pachilembo chilichonse. Atafika poyambira mawu achiwiri anaima. Anabwereza, nabwerezanso.

"Make Chisomo, N uyu wayang'ana kuti?"

Ndinayang'anitsitsa. "Watembenuka, bambo. Mzere wapakatiwo wapendekera kolakwika."

Anakhala pasitepe ya galimotoyo osapempha.

"Baba sanapite kusukulu. Zilembo anaphunzira akuluakulu, poyang'ana zikwangwani za mumsewu. Ndi iwo anandiphunzitsa ine kulemba, pansi, ndi kamtengo. Nditayamba sukulu ya papulazi, ticha anandikwapula sabata yathunthu chifukwa cha N ameneyu. Ndinkakana kusintha. Ndinkati baba salakwitsa."

A Geoffrey ankatiyang'ana mosinthanasinthana. Ndinawafotokozera kuti limenelo si dzina, ndipo ndinawauza tanthauzo lake. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anapita pakona, kutenga chikwangwani chija, kuchitembenuza, n'kutulutsa cholembera. Anapempha dzina lenileni la dalaivalayo ndi kwawo, chilembo ndi chilembo. Anati wogulayo analipira mbiri yolakwika, ndipo aimba foni kuti amuuze yoona lole isanabwere. Ananenanso kuti ngati a Phiri akufuna, aliza injini, awayendetse mpaka pa mlatho n'kubwerera, atakhala kumbuyo ngati bwana.

Apongozi anathokoza, koma anati ayambe apereka moni.

Anavula chipewa. Anagwira chitseko, natsika pang'onopang'ono mpaka maondo onse awiri anafika pakapeti, moyang'anizana ndi mpando wa dalaivala. Anaomba m'manja katatu, mofatsa, monga timachitira pofika pakhomo pa akulu. Ine ndine mayi wa chigwirizano kutchalitchi, ndipo mukanandiuza m'mawa wa tsikulo kuti ndigwadira galimoto ndikanakutukwanani. Ndinapezeka ndagwada kumbuyo kwawo.

"Baba, ndine Samisoni," anatero. "Ndachedwa, njira inali yaitali. Amai anapita, alongo anga a Esinati anapita, ndatsala ine. Awa ndi akazi a mdzukulu wanu, ndi amene andibweretsa. Ndi a kwanu awa, a ku Malawi."

Anaima kaye, mpweya ukuwavuta.

"Mukandiona musadabwe. Ndakalamba kukuposani, baba."